A Sandalamu ndi nkhanga za a Nabanda

Patha chaka chimwalirireni a Sandalamu Mbewe, amalume a mkazi wanga. Loweruka lapitali tinawamangira chiliza, ndipo mkulu wa mpingo amene analankhula, munthu wabwino ndithu, anabwereza zomwe ananena pamaliro paja: kuti malemuwa anali mlenje wa nkhanga woposa onse kuno ku Vubwi, kufikira pamene maso anawathawa. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa a Sandalamu maso sanawathawepo. Anapita akuona bwino kuposa ine, ndipo amene ndinawachititsa kuti akhale zaka zisanu ndi ziwiri akudziyesa akhungu ndine.

Anali munthu wamfupi, wowonda, woyenda choyang'ana pansi, moti mlendo akadaganiza kuti ataya kanthu. Koma iwo ankakhala akuwerenga dothi. Mukamapita nawo kutchalitchi ankatha kuima pakati pa njira n'kunena kuti apa padutsa nkhwali ndi ana ake, mmodzi wotsimphina, pamene inu mukuona fumbi chabe. Wailesi sankaifuna. Mluzu sankaufuna. Munthu wolankhulalankhula m'thengo ankamubweza panjira ngakhale akhale wamkulu kuposa iwo. Uta anasema okha, mivi yake yabango, nsonga zake misomali yosula, ndipo anali ndi galu mmodzi wofiira, Kamwendo, amene ankamvera iwo basi.

Kukangana ankakudziwa. Mng'ono wawo weniweni anakhala osalankhulana naye madzinja awiri pa nkhani ya nkhanga. Mng'onoyo anaviika chimanga m'mankhwala opopera thonje n'kukamwaza m'mbali mwa munda, ati nkhanga zikumuthera mbewu. A Sandalamu anatola mbalame zonse zakufazo, nkhanga, njiwa, ngakhale timba, n'kukaziyala pakhomo pa mng'ono wawo, mzere umodzi. Anyamata otentha tchire nthawi isanakwane pofuna mbewa nawonso ankawadziwa bwino mkuluyu. Ankawalondola mpaka kwa amayi awo.

Phiri limene lili kuseri kwa mudzi wathu lilibe mwini. Amayi amatolako nkhuni, ng'ombe zimadyako, wofuna nsungwi amadula, ndipo ukapitirira kwambiri umangozindikira kuti anthu ayamba kukupatsa moni wa ku Mozambique. A Sandalamu ankati malo otere ndiwo ovuta kuposa munda wako, chifukwa m'munda mwako ukalakwa wadzilakwira wekha, koma m'phiri ukalakwa walakwira mudzi wonse. Ankanenanso kuti popanda mwini pali eni ambiri. Nthawi imeneyo ine ndinkaona ngati ndi zolankhula za nkhalamba yofuna phiri likhale lake.

Ine kuno si kwathu. Ndine Sakala wa ku Katete, telala. Ndinkasoka pakhonde la sitolo ya Msilamu wina wochokera ku Malawi, ndipo iye atatseka sitolo n'kubwerera kwawo, ndinanyamula makina ndi ana kubwera kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Ndinalowa chikamwini ndili ndi imvi zoyamba. Alamu anga atatu sanandilandire ndi manja awiri. Ndikagwira khasu ankaseka, ati manja a sizasi. Ndikalankhula pagulu wina ankatsokomola n'kukumbutsa mnzake kuti mkamwini asamakule mwendo. Chaka chimene ndinafika, mkamwini wina wa mbumba yomweyi anali atangomangiridwa katundu n'kuthamangitsidwa chifukwa cha mbuzi imene inasowa, ndipo ana ake anatsala konkuno. Choncho ndinkadziwa pamene ndinaima.

Mwina n'chifukwa chake ndinkafunitsitsa kupha nkhanga. Ndinasinthanitsa wailesi yanga ndi mfuti ya mapeleti, ija yothyola pakati, ndipo ndinapita nayo kwa a Sandalamu ndikuyenda monyada. Anaitembenuza uku ndi uku, anasuzumira m'kamwa mwake, kenaka anaitsamiritsa kukhoma.

"Imeneyi isiyeni pompa, a Sakala. Mudzaitenga ndikadzanena."

"Nanga ndikaphera chiyani, amalume?"

"Ndani wanena zopha? Mawa mubwere ndi miyendo yokha."

Masabata atatu ndinayenda pambuyo pawo chimanjamanja. Anayamba ndi malire: apa ndi manda, sitisaka, apa minda ya anthu yathera, mtsinje uwu ukauwoloka uli m'dziko la eni. Anandituma kukafunsa ku boma za chiphaso cha mbalame, ati safuna kuphunzitsa munthu woti akamangidwe. Kenaka anandionetsa mapazi a nkhanga, maenje amene zimasamba fumbi, nthenga zamawangamawanga, ndi mitengo imene zimagona. Kumitengoko ankaletsa kuzilasa, ati munthu wopha chogona si mlenje. Dzinja lonse sankasaka chifukwa zimakhala pa mazira. Kasakidwe kawo kanali kosavuta kukaona: Kamwendo ankazivumbulutsa, izo n'kukwera mumtengo, n'kumayang'ana galuyo pansi, kuiwala munthu. Pamenepo a Sandalamu ankayandikira chokwawa, muvi umodzi, nkhanga imodzi, basi tiyeni kunyumba. Ndikawafunsa chifukwa chosiyira zinazo ankandifunsa ngati ndili ndi mimba ziwiri.

Lamulo limene ankalibwereza mpaka kunditopetsa linali la nkhanga zoweta. Kuno anthu amatola mazira a nkhanga n'kuikira nkhuku, ana akaswa amakula ndi nkhukuyo, koma akakula amayenda kutali, mpaka kutsinde kwa phiri. Maonekedwe ndi amodzi ndi zam'thengo. Eni ake amazidula chala chimodzi kuti azizidziwa, koma chala sungachione uli patali. A Sandalamu ankati uyang'ane khalidwe: yam'thengo ikakuona imathamangira kuphiri, yoweta imathamangira kumudzi, ndipo nkhanga imene yaima n'kumakudikira ili ndi mwini wake. Ankati mlenje woyamba kumene amalakwa chifukwa cha njala ya m'maso, osati ya m'mimba.

Zoti amavala magalasi zinabwera pambuyo pake, atayamba kale kudziyesa akhungu, ndipo ndikazikumbukira ndimaseka kenaka mtima n'kuwawa. Madokotala a maso atabwera kudera kuno, adzukulu awo anawakweza panjinga yamoto kuti akawaone. Mkulu uja analoza zilembo molakwitsa dala, ndipo anabwerako ndi magalasi okhuthala amene ankawachititsa chizungulire. Ankawavala Lamulungu lokha, akuyenda mopapasa ndi ndodo, ndipo apo sankanamizira, m'magalasimo sankaonadi. Masiku ena ankabwera kudzakhala pafupi ndi makina anga. Maso anga a utelala anali atayamba kufooka, ulusi unkandivuta kulowetsa. Akaona kuti palibe munthu ankatambasula dzanja, kulowetsa ulusi pa singano kamodzi kokha, n'kubwerera pampando wawo. Sitinkayang'anana.

Tsiku limene ndinalakwa linali la m'chilimwe, tchire litapsa. A Sandalamu anali atandilola kunyamula mfuti koma osati kupita ndekha. Dzulo lake mlamu wanga wamkulu anandifunsa pamaso pa anthu ngati mfutiyo ndinagulira kuopsezera nkhuku, poti mwezi watha ine ndikungoperekeza nkhalamba. Anthu anaseka, ngakhale Esinati anabisa nkhope. M'mawa mwake a Sandalamu anadzuka ndi bondo lotupa, anati sitipita. Ine ndinavomera, ndinazungulira kuseri kwa nkhokwe, n'kulowera kuphiri ndekha.

Sindinafike ndi kuphiri komwe. Pakamtsinje ka kutsinde, pamchenga, ndinapeza mapazi a nkhanga atsopano. Pakati pawo panali phazi lina lalikulu, lotalika kawiri. Ndinaliona bwinobwino, ndisaname. Mumtima ndinadziwa kuti m'mudzi mwathu muli mayi mmodzi yekha amene amaikira mazira a nkhanga pa nkhukundembo m'malo mwa nkhuku, ndipo nkhanga zake zimayenda ndi make wozilerayo. Koma ndinadziuza kuti ndi phazi la nang'omba, chimbalame cham'thengo chija. Nditakhota pabango ndinazipeza, zisanu ndi imodzi, zikupalasa. Zinadzutsa mitu, zinandiyang'ana, sizinathawe. Ndinaombera imodzi, inagwa. Zinzake zinangodumpha pang'ono n'kuimanso. Ndinathyola mfuti, kuika peleti lina, ndinagwetsa yachiwiri. Pamenepo m'bango munatuluka thadzi la nkhukundembo likulira, ndipo zotsalazo zinalitsatira kuthamangira kumudzi.

Mwambo wa a Sandalamu unali woti nyama yoyamba ya wophunzira imapita kwa womuphunzitsa. Ndikanatha kuzitaya m'bango, koma ndinali ndi kachiyembekezo kopusa koti mwina zam'thengo zinasakanikirana ndi zoweta. Ndinaziika m'thumba n'kupita nazo kwa iwo. Anali pakhonde, mwendo atauwongola. Sanandifunse chifukwa chimene ndinapitira ndekha. Anatulutsa imodzi, anagwira phazi, analitambasula. Chala chakunja panalibe. Yachiwirinso chimodzimodzi.

"Za a Nabanda izi," anatero.

A Nabanda ndi mayi wamasiye, azakhali awo a alamu anga aja, ndipo nkhanga ndizo zinkawadyetsa. Pakamwa pawo mudzi wonse unkapaopa.

"Wakuonani ndani?"

"Palibe, amalume."

"Zinathawa?"

"Sizinathawe."

"Ndiye munadziwa."

Anayang'ana kunyumba kwanga, kumene Esinati ankaanika ufa ndi mwana kumbuyo. Kenaka anandituma kuti ndiwatengere mivi m'nyumba. Anasolola umodzi, anafufuza pabala la peleti, n'kubayapo muviwo mpaka kutulukira kwina. Anachita chomwecho ndi inzake. Anaimirira ndi bondo lotupalo, uta paphewa, nkhanga ziwiri m'manja.

"Inu pitani mukasoke. Lero simunapite kulikonse."

Anapita nazo kwa a Nabanda dzuwa lili pamutu, podutsa pamjigo pamene panali amayi ambiri, kuti aliyense aone. Ine ndinali pamakina, phazi likupalasa koma nsalu osayenda, ndipo mawu a a Nabanda ankamveka mpaka kwathu. Anawatchula mayina amene sindingalembe. Anawafunsa kuti munthu amene amayala mbalame pakhomo pa anzake, lero wayala za yani. A Sandalamu anayankha mawu amodzi okha, amene Esinati anandiuza madzulo akudabwa: anati maso awathera, anaona ngati zam'thengo. Anawapatsa a Nabanda nkhuku zawo ziwiri zazikazi, ndipo bondo litapola anakawamangira khola latsopano.

Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pomwepo. Iwo ankadziwa kuti yangoyamba. Munthu amene wanena pagulu kuti saona sangakwerenso phiri mawa n'kutsitsa nkhanga mumtengo ndi muvi umodzi, anthu angafunse kuti nanga tsiku lija zinatheka bwanji, ndipo m'mudzi wonse wina woyenda ndi chida anali mkamwini wa mfuti. Choncho anapachika uta. Amuna akamapita ku uzimba, kusaka kwa gulu kumene iwo ankatsogolera chaka chilichonse, anayamba kuwadutsa pakhomo osawaitana. Nkhuku ya munthu ikasowa, wina ankaseka kuti mwina a Sandalamu aiona ngati nkhwali. Mng'ono wawo uja anayambanso kumwaza chimanga chake chamankhwala, ndipo panalibe woti amuyalire mbalame pakhomo. Kamwendo ankapita yekha kuphiri, n'kubwera kudzagona pamapazi pawo, mpaka anakalamba n'kufa.

Tinakanganapo kamodzi, patatha miyezi ingapo. Ndinawapeza kudimba ndipo ndinawauza kuti ndikufuna kukaulula. Anakwiya kuposa tsiku la nkhangalo.

"Mukaulule kuti ine ndioneke wabodza, inu muoneke wakuba? Alamu anu akudikira chiyani, simukudziwa? Ine ndine mwini mbumba, sangandithamangitse. Inu akumangirani katundu dzuwa lisanalowe, ana a Esinati akule akuona bambo awo pa Khirisimasi pokha."

"Koma amalume, dzina lanu."

"Dzina langa ndalidyera zaka zambiri. Tengani khasu apo, musandiimire ngati mtengo."

Ndinatenga khasu. Ndinene zoona, mtima wanga unapepuka kuti andiletsa, ndipo kupepuka kumeneko ndiko kumandichititsa manyazi lero. Mfuti ndinaikulunga m'chiguduli n'kuiika kudenga, sindinasakenso. Zaka zinapita. Ndinaphunzira kulima fodya, ndinasokera alamu anga masuti a ukwati wa ana awo, anayamba kunditcha akulu. Mudzi unandilandira, ndipo ndinkadziwa amene anandigulira malowo.

Chaka chimene anamwalira, mvula itangosiya, anabwera kudzakhala pa makina monga mwa masiku onse. Anandilowetsera ulusi, kenaka analankhula akuyang'ana kuphiri.

"A Sakala, tsopano mwamera mizu. Palibe angakuzuleni."

"Ndi chifukwa cha inu, amalume."

"Pamwala paja pali nkhanga khumi ndi zitatu. Mukuziona?"

Ndinayang'ana, ndinaona mwala wokha.

"Ndikanakonda kukwerako kamodzi, ndi uta wanga, anthu akuona. Miyendo ikadalipo pang'ono. Koma nkhani ija ndi yanu, sindingainene ine."

Sanapemphe kuposa apo, sanali munthu wopempha. Ndinawayankha kuti ndamva, ndidzakonza, tingoyamba takolola. Titakolola ndinati tidikire fodya agulitsidwe. Kenaka kunabwera chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi, ndipo ndinati si bwino kuutsa fumbi nthawi yotere. Iwo sanandikumbutse. Ankabwerabe kudzakhala, koma ulusi anasiya kundilowetsera, ndipo ndinkavutika nawo iwo akuyang'ana kumbali. Mwezi wozizira anagwidwa ndi chifuwa, sabata imodzi yokha. Tsiku limene ndinati ndipita kwa a Nabanda mawa, mawa lakelo tinali kukumba manda. Pamaliro anthu anakumbutsana za nkhanga zija n'kuseka pang'ono mwachikondi, ati ukalamba ulibe ulemu. Ine ndinali pomwepo nditagwira fosholo, ndipo ndinangopitiriza kukwirira.

Tsiku lotsatira chiliza, Lamulungu masana, ndinapita kwa a Nabanda. Akalamba tsopano, ndinawapeza akusenda nthanga za maungu pamphasa. Ndinakhala pansi, ndinavula chipewa, ndinafotokoza zonse kuyambira paphazi lalikulu lija. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto, manja osaleka ntchito.

"Mwatha?"

"Ndatha, amayi."

"Nkhanga zija ndinadya, a Sakala. Sindikanataya ndiwo. Yachiwiriyo ndinaluma kachitsulo, dzino ili linathyoka tsiku limenelo." Anakweza mlomo kundionetsa. "Muvi subala kachitsulo."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sananenere.

"Ndinapita kwa a Sandalamu m'mawa mwake, kachitsulo kali m'manja. Anandigwadira, munthu wamkulu uja, kuti ndisunge pakamwa chifukwa cha ana a Esinati. Anati mwini wake adzabwera yekha, ndi munthu wabwino, wangochita mantha. Ndiye ndinkadikira. Chaka chatha anadzandiuza kuti mubwera mukakolola, ndinakusungirani ndi mpando."

Anabwerera ku nthanga zawo. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Madzulo ndinauza Esinati, kenaka alamu anga. Wamkulu uja anangoti, "Mwachedwa, alamu," n'kupitiriza kumanga goli. Palibe amene anandimangira katundu. Chinthu chimene ndinachiopa zaka zonsezi chinatha nthawi yochepa kuposa kusoka batani.

Nyumba ya a Sandalamu anaigwetsa pambuyo pa maliro monga timachitira kuno. Patsala bwalo lozungulira la dothi lolimba, ndi chitsa cha mzati wapakati chimene chiswe chayamba kudya. Pamene panali khonde pamera bonongwe, ndipo mbuzi zimagona pamenepo masana chifukwa pansi pake m'posalala. Njira yanga ya kudimba imadutsa pambali pake. Dzulo ndinaima pamene panali chitseko ndipo ndinazindikira chinthu chimene sindinachionepo nyumba ili chiimire: nyumba zonse za mzere uwo zinayang'ana kumsewu, yawo yokha inayang'ana kuphiri. Zaka zisanu ndi ziwiri ankatsegula chitseko m'mawa uliwonse n'kuliona lonse, mpaka pamwamba, kenaka n'kutenga ndodo yawo kuyamba kupapasa.